Ntchito Imene Ndinawapezera Alamu a ku Wales

Nkhani iyi ndikaikumbukira ndimafuna kulowa pansi, koma poti Amalawi onse a ku South Bend, kuno ku Indiana ku America, amaidziwa kale, bola muimve kwa mwini wake.

Mlongo wanga Tadala anakwatiwa ndi mzungu wa ku Wales, dzina lake Gareth. Ntchito ya alamuwo inali kusewera gofu. Chaka chonse ankangoyendayenda, lero ku Spain, mawa ku Malaysia, mkuja ku Joni, kuthamangitsa kampira koyera. Ine mumtima ndinkati awa ndi malova ovala bwino.

Tsiku lina Tadala anandiimbira foni kuchokera ku Cardiff. Pa nthawiyo n'kuti ali woyembekezera.

"Achimwene, a Gareth akudzasewera kufupi ndi Indianapolis. Akapanda kuchita bwino ulendo uno awalanda khadi yolowera m'mipikisano, ndiye kuti ntchito yatha. Mukawasapote, please."

"Usadandaule, zamasewera ife timazidziwa," ndinatero ine, munthu woti pa bwalo la gofu ndinali ndisanapondepo.

Lamlungu ndinajomba kutchalitchi, n'kujombetsanso Mayi Phiri a kwaya, chifukwa pa nthungululu palibe wowaposa mu Indiana monse. Tinafika masewera ali pafupi kutha.

Panali chibolodi chachikulu cha mayina ndi manambala. Nditapeza dzina la alamu, ndinayang'ana nambala yawo. Minus 9.

Ku Malawi ndinaphunzitsapo masamu ku sekondale, choncho minus ndimamudziwa bwino. Mwana kupeza ziro ndi chisoni kale, nanga kutsika mpaka kunsi kwa ziro?

"Mayi, zavuta," ndinanong'ona. "Alamu alephera moti ngakhale ziro sanamufike."

"Mayo, ndiye mwana ali m'njira uja adzadya chiyani?"

Ine sindine munthu wongolira manja ali m'thumba. Pompo ndinaimbira supavaiza wanga kunyumba yosamalira okalamba kumene ndinkagwira ntchito. Kukhitchini kunkafunika wotsuka mbale, ndipo anati munthuyo abwere Lolemba.

Alamu atagwetsa kampira m'dzenje lomaliza, anthu anawomba m'manja kwa nthawi yaitali. Ndinati azunguwa kutonthoza amakutha. Ndinavula chipewa n'kuyenda pang'onopang'ono ngati pofika pa maliro, Mayi Phiri ali pambuyo atagwira tsaya. Dzanja la alamu ndinaligwira ndi manja awiri.

"Pepani alamu. Zimachitika," ndinatero m'Chingerezi changa chapamwamba.

Kumwetulira konse kunawathera. "Chachitika n'chiyani? Tadala ali bwino?"

"Tadala ali bwino, ndikunena za minus uja. Koma musataye mtima, ndakupezerani kale job. Mbale zokhazokha, kuyamba Lolemba, ma weekend muli off."

Asanayankhe, akuluakulu a mpikisano anawakokera mu tenti kukasaina.

Tsono ife kwathu wopambana timamuyamikira ngakhale asakhale wathu. Pa bolodi nambala yonenepa kuposa onse inali plus 14, ya mkulu wina wamtali wa ku Texas. Tinamupeza atakhala yekha pa benchi, nkhope ili m'manja. Ndinasangalala kuona munthu wodziwa kuthokoza Mulungu.

"Mayi, mpatseni ulemu wake."

Mayi Phiri anaimba nthungululu yoti mbalame zinathawa m'mitengo. Anthu onse anatembenuka. Ine ndinamugwedeza mkono mkuluyo ndi mphamvu.

"Congratulations, bwana! Fourteen yonse nokha!"

Anangondiyang'ana, maso ali psuu.

Nthawi yomweyo chimkuzamawu chinatchula dzina la Gareth, ndipo ndinaona alamu akupatsidwa chikho. Gogo wina wachizungu amene anali pambali panga anandimvera chisoni n'kundifotokozera mofatsa, ngati mwana wa sitandade wani, kuti mu gofu amawerenga kuti kampira wakamenya kangati. Womenya kochepa ndiye katswiri, ndipo minus ndiye chimene aliyense amalota.

Ndikuti ndizembe, alamu anatenga maikolofoni.

"Ndithokoze mlamu wanga, uyo wavula chipewayo. Wandipezera ntchito yotsuka mbale ku South Bend. Pepani alamu, Lolemba sindibwera."

Bwalo lonse linafa ndi phwete, zala zikuloza ine. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamveponso. Mayi Phiri anandiyandikira.

"Aphunzitsi, masamu amene munkaphunzitsa ana a eni ndi omwewa?"

Ndinalunjika kugalimoto mutu uli pansi. Ndikufufuza makiyi, wina anandigwira paphewa. Kutembenuka, ndi mkulu wa ku Texas uja, chikwama cha ndodo zake za gofu chili kumsana. Ndinati lero ndiye ndimenyedwa.

Anayang'ana uku ndi uku, kenaka anatsitsa mawu.

"Bwana, ntchito ya mbale ija ikadalipo?"

Safunsa anadya phula, koma mwayi wake Safunsayo anadyera kuseri, osati pa maikolofoni ngati ine.