Kubetcha kwa a Percy Landry

A Percy Landry, mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya Delphine Roy kuno ku New Orleans, sankatha kuona mayeso akubwera osabetcha thupi lawo. Anzawo m'sukulu zina ankalonjeza ana maswiti kapena ulendo wokaona nyama. Iwo ankaimirira pamsonkhano wa m'mawa, mimba patsogolo, tayi itapendekera kumanzere, n'kunena kuti, "Mukasuntha chaka chino, ine mundichite zimene mukufuna." Ndipo anawo ankawachitadi.

Boma limayeza zinthu ziwiri: kuchuluka kwa ana amene akhoza mayeso, ndi mtunda umene mwana aliyense wasuntha kuchokera pamene anali chaka chatha. Ana ambiri pa Delphine Roy ankafika m'giredi sikisi akuwerenga ngati a giredi thuu, choncho zokhozazo zinali kutali. A Landry ankabetchera kusunthako.

"Keondra anabwera kuno osatha kuwerenga dzina la msewu wakwawo," ankatero. "Lero akundiwerengera nyuzipepala yonse, mpaka pamene alemba kuti sukulu yathu ndi yolephera."

Amene ankavutika ndi zonsezi anali wachiwiri wawo, Mayi Verlene Dupree. Awa anali mayi a nsapato zazitali zidendene ndi tsitsi la imvi lokonzedwa Loweruka lililonse kusaluni kwa Idella, tsitsi loti ngakhale mphepo ya mkuntho inkalilambalala. Panalibe mwana amene anawaonapo akuthamanga kapena akuseka mano onse. A Landry ankabetcha, koma wofunafuna lumo, makwerero ndi mayankho a makolo anali Mayi Dupree.

Zinayamba m'chaka cha 2010 ndi ndevu. Ana anasuntha, ndevu zinapita, ndipo madzulo ake akazi awo a Landry anawayankhira pazenera poganiza kuti ndi wogulitsa inshuwalansi. Chaka chotsatira linapita tsitsi. Silinamerenso.

Nkhumba inabwera Lachisanu, pa 16 Novembala 2012. Anachita kukaibwereka kutsidya kwa mtsinje, n'kuisambitsa ndi sopo wonunkhira. A Landry anagwada pamaso pa sukulu yonse, natukula milomo kuti aipsompsone. Nkhumbayo inawayang'anitsitsa, kenako inatembenuza mutu. Anazungulira mbali inayo. Inatembenukanso.

"Mayi Dupree, taigwirani mutu."

"Ine ndinakhala kuyunivesite zaka zisanu ndi chimodzi, a Landry."

"Ndiye mukudziwa kumene kuli mutu."

Anaigwira, atavala magolovesi awo oyera a kutchalitchi. Magolovesiwo sanaonekenso.

Mu 2014 a Landry anagona padenga la sukulu. Kutacha makwerero panalibe, munthu wina wopenta nyumba anali atawatenga poyesa kuti atayidwa. A Landry sanadandaule. Anayendetsa sukulu ali pamwamba pomwepo, atafunda bulangete, akuitana mayina a ochedwa amene ankawaona akugula tchipisi pagolosale yapakona. Tsiku limenelo ana anathamanga ngati awathira madzi otentha. Ozimitsa moto anawatsitsa masana, iwo akupempha kuti awasiye kaye mpaka nthawi yoweruka.

Za khoma zinachitika pa 17 Novembala 2017. Mwana aliyense amene anasuntha anapatsidwa chidutswa cha tepi yomatira. A Landry anakwera pampando m'chipinda chodyera, ana anawamata pakhoma kuyambira m'mapewa mpaka m'mawondo, kenako anachotsa mpandowo. Anakhalira m'malere, mapazi ali lendelende. Nthawi yomweyo pakhomo panalowa bambo wachinyamata wa suti, a Hebert, ochokera kubungwe lopereka zilolezo za sukulu. Tsikulo anali atapangana, koma a Landry anaiwala.

"Ndikufuna mphunzitsi wamkulu," anatero a Hebert.

Mayi Dupree analoza khoma.

"Takulandirani," anatero a Landry ali m'mwambamo. "Khalani pampandopo, ine ndathana nawo."

A Hebert sanakhale. Anadikira ana atuluke, kenako anayankhula atakweza khosi ngati akuwerenga chikwangwani. Sukulu ngati Delphine Roy imalandira ndalama za boma n'kumadziyendetsa yokha, koma imakhalira chilolezo cha zaka zisanu, ndipo chawo chinali kutha chaka chotsatira. Ana akusuntha, inde, koma okhoza akadali ochepa kwambiri. Ngati pamayeso a mu Epulo sasuntha kuposa kale lonse, bungwe litseka sukuluyo, ana mazana anayi n'kuwamwaza m'sukulu zina.

"Tepi iliyonse mukuionayi ndi mwana mmodzi amene wasuntha," anatero a Landry. "Werengani nokha."

"Ife matepi sitiwerenga, bambo."

Mlendoyo anapita. Mayi Dupree anaima pansi pa abwana awo, akuganiza za ana mazana anayi ndi mabasi amene adzawatengere kutali. A Landry anali atayamba kutsetsereka pang'onopang'ono.

"Mayi Dupree."

"Ndikumva."

"Mphuno ikundiyabwa."

Anawakanda ndi pensulo.

Vuto linali lakuti thupi la a Landry linali litatha. Ndevu panalibe, tsitsi panalibe, ndipo dokotala anali atawaletsa za madenga chifukwa cha mtima. Ananso anali atawazolowera. Lolemba, pa 8 Januwale 2018, anaimirira pamsonkhano wa m'mawa nafotokoza za chilolezo mosabisa kanthu. Kenako anayamba kutsatsa.

"Mukasuntha kuposa kale lonse, ndibwera nditavala diresi."

Palibe anaseka. Keondra, amene tsopano anali m'giredi eyiti, anakweza dzanja.

"Munavala kale, ahedi. Silinakukwaneni."

"Ndipsompsona ng'ona."

"Ikananso ngati nkhumba ija."

"Nanga mukufuna chiyani, anthu inu?"

Keondra anangotembenuza maso n'kuyang'ana kumbali, kumene Mayi Dupree anaima atapinda manja. Mitu mazana anayi inatembenukira komweko.

"Tsitsi la Mayi Dupree," anatero. "Likhale lobiriwira ngati yunifolomu yathu."

"Zatheka," anatero a Landry, osayang'ana n'komwe kumbaliko.

Phokoso lake linamveka mpaka kugolosale yapakona.

Mu ofesi, Mayi Dupree anatseka chitseko bwinobwino. Pazaka zonse zimene anagwira ntchito limodzi anali asanawatchulepo dzina loyamba.

"Percy, mwabetcha mutu wanga."

"Wanga unatha, Verlene."

"Sindichita."

"Musachite. Koma musawauze mpaka alembe mayeso."

"Kumeneko ndi kunamiza ana."

"Ndiye chitani."

Kuyambira tsiku limenelo Mayi Dupree sanayankhule nawonso kanthu kosakhudza ntchito. A Landry ankawabweretsera khofi, iwo n'kumusiya azizire padesiki. Ankawaimbira nyimbo pakhomo la ofesi, iwo n'kukweza foni ngati muli munthu.

Koma ana anawerenga. Ankabwera ndi Loweruka lomwe. Anyamata amene sankatha kukhala pampando anayamba kukanganirana mabuku. Mwana akakumana ndi Mayi Dupree m'khonde ankapereka moni mwaulemu kwambiri, maso ali pamutu pawo. Makolonso chimodzimodzi. Ngakhale abusa kutchalitchi anawagwira chanza akuyang'ana pamwamba pa chipumi. Kusaluni, Idella anangoti, "Mankhwala obiriwitsa tsitsi aja ndagula kale, achemwali. Ali m'kabatimo. Sindikunena kanthu, ndangoti mudziwe."

Mayeso analembedwa mu Epulo. Sukulu inatsekera tchuthi kumapeto kwa Meyi, zotsatira zikudikiridwa mu Novembala.

Lachiwiri, pa 12 Juni, Mayi Dupree anafika kusukulu m'mawa kudzakonza za chaka chatsopano, napeza galimoto ya a Landry itaima pamalo pamene iwo Mayi Dupree ankaimikapo yawo. Anaimba hutala. Anatsika, nagogoda pagalasi ndi chala chimodzi, atakonzeka kuswa lamulo lawo lokhala chete kuti awanene. A Landry anali atatsamira pampando, lamba akadali pachifuwa, pamiyendo pali kathumba ka mandasi a shuga ndi makapu awiri a khofi. Ankaoneka ngati munthu amene akumvetsera wailesi.

Mayi Dupree anaimbira ambulansi. Kenako anabwerera m'galimoto yawo n'kukaiimika pamalo ena, molunjika bwino pakati pa mizere.

Maliro anali a malipenga ndi ng'oma. Pobwera kumanda anthu anavina mumsewu, maambulela ali m'mwamba, ana akale a sukuluyo akusimbirana za nkhumba. Mayi Dupree anayenda nawo mtunda wonsewo. Ankadikira kuti chinachake chiwagwire pakhosi, koma chimene anamva ndi nsapato yakumanzere ikuwaluma.

Mayi Dupree anasankhidwa kukhala mphunzitsi wamkulu. Sukulu inatsegulira mu Ogasiti, ndipo zonse zinayenda pa nthawi yake.

Zotsatira zinatuluka pa 8 Novembala. Ana anali atasuntha kuposa chaka china chilichonse chitsegulire sukuluyo. Okhoza anali mmodzi mwa atatu alionse, osati ambiri, koma ochulukirapo. Pa 13 Disembala bungwe linakumana, ndipo a Hebert anawerenga chigamulo: sukulu isatsekedwe, ipatsidwe zaka zitatu m'malo mwa zisanu. Aphunzitsi anakumbatirana, wina analira. Mayi Dupree anagwira chanza aliyense amene anawapatsa dzanja, m'mutu akudzifunsa ngati anazimitsa mbaula kunyumba.

Chitulukire zotsatira anali akudikira kuti mwana wina afunse za tsitsi. Yankho anali atalikonza kale, lalifupi ndi laulemu. Koma palibe anafunsa. Keondra ndi anzake anali atapita kusekondale. Otsalawo ankapereka moni akuyang'ana pansi. Panalibenso woyang'ana pamutu pawo.

Loweruka anapita kwa Idella monga mwa nthawi zonse, nakhala pampando.

"Tikonze ngati kale?"

"Tulutsa za m'kabati zija."

Idella anaima, chipeso chili m'manja.

"Mwini nkhaniyo anapita, achemwali. Palibe akukakamizeni."

"Ndikudziwa."

"Imvi zimamwa mankhwala. Sizichoka ndi sopo zimenezi."

"Idella, ndili ndi zochita masana."

Lamulungu anapita kutchalitchi atavala chipewa chachikulu. Lolemba, pa 17 Disembala, anachisiya m'galimoto n'kukaima pachipata cha sukulu.

Tsitsi lawo linali lobiriwira ndithu. Linkaoneka kuchokera kumene mabasi amakhotera.

Ana anatsika, anaona, anaima pang'ono. Kenako mmodzimmodzi anadutsa. "Mwadzuka bwanji, Mayi Dupree." "Ndadzuka bwino, lowani." Palibe anaseka. A Landry akanakhalapo akanawerama ngati woimba pasiteji, akanaitana ana kuti adzaligwire, akanapempha mlonda kuti alithirire. Mayi Dupree sankadziwa kuchita zimenezo. Anangoima chilili ndi nsapato zawo zazitali, manja kutsogolo. Mtsikana wina wamkulu anafika pafupi, anatsegula pakamwa, kenako anathamangira m'kati atagwira kumaso.

Amene anaima anali kamtsikana ka giredi wani, kobwera chaka chomwecho, koti a Landry sikanawaonepo.

"Mayi, tsitsi lanu lakhala ngati udzu."

"Ndaona."

"Mwadwala?"

"Ayi. Anzako anawerenga kwambiri."

Kamwanako kanaganiza, kakuyang'ana buku limene kananyamula.

"Ine ndikawerenga, langanso litero?"

"Ayi. Pisira malaya, lowa."

Delphine Roy ikadalipo. Belu limalira pa nthawi yake, alendo ochokera kubungwe amapeza mphunzitsi wamkulu ali pampando, ndipo ana akusunthabe, pang'onopang'ono. M'Januwale wotsatira, Mayi Dupree anaimirira pamsonkhano wa m'mawa n'kuwerenga masiku a mayeso. Atamaliza, ana sanasunthe. Anakhala chiimire, akuyang'ana kutsogolo, ngati pali mawu ena amene atsala. Mayi Dupree nawonso anaima, pepala lili m'manja. Patapita kanthawi mphunzitsi wina anaomba m'manja kawiri, ndipo mizere inayamba kupita m'makalasi.

Pofika Epulo imvi zinali zitabwerera kuchokera pansi, kubiriwira kutatsala kunsonga kokha. Idella anatenga sizasi n'kufunsa ngati adule.

"Siya kaye," anatero Mayi Dupree.