Galu Wanga pa Tsiku Lokaonekera

Alipo anthu amene amanyadira akakumbukira tsiku limene adakaonekera kwa makolo a mkazi. Ine ndikalikumbukira, ndimayamba ndacheuka kuti ndione ngati pali wina amene akundiyang'ana. Anzanga a pano pa koleji ya uphunzitsi adaimva kale nkhaniyi, ndipo aliyense akuikometsera monga afunira. Choncho ndaona kuti ndi bwino ndiilongosole ndekha, mwa dongosolo lake.

Pa koleji pathu pali mphunzitsi wina wachizungu amene ali ndi galu womvera modabwitsa. Mwini wake akaomba m'manja, galuyo amasiya chilichonse nathamangira kwa iye, ndipo amalandira kabisiketi. Tsiku lina, potiphunzitsa za kaleredwe ka ana a sukulu, mphunzitsiyo adati khalidwe lililonse limamera pa zinthu ziwiri: kubwereza ndi mphotho. Mawuwo adandilowa mpaka m'mafupa.

Tchuthi cha dzinja chitafika, ndidatsika sitima pa Balaka ndi kuyenda pansi kupita kwathu cha ku Nkaya. Kumeneko ndidapeza kuti mnansi wathu ali ndi mwana wa galu wofiirira, wa miyendo yaitali, amene adali atasiya kale kuyamwa. Nditamupempha, adandipatsa mokondwa kwambiri (kukondwa kwakeko ndikadakuganizira bwino). Ndidamutcha Khalidwe.

"Agalu a kuno amatchedwa Adzatopa kapena Mwanditani," adatero amayi anga. "Iwe ukuti Khalidwe? Ukufuna ukamulembetse kwaya?"

Ndidapita naye galuyo ku msasa wa kumunda, kutali ndi anthu onse, poopa kuti angandisokonezere wophunzira. Bisiketi kwathu kulibe, motero mphotho yake idali matemba ouma a ku Chiuta ochokera m'dengu la amayi. Matembawo ndinkawaika m'thumba la malaya, la pachifuwa, kuti manja akhale omasuka poomba. Ndikaomba, Khalidwe ankabwera ngati muvi. Posakhalitsa adaleka kudikira kuti ndimutulutsire: ankangoimirira ndi miyendo yakumbuyo, kundiponda pachifuwa, ndi kulowetsa mphuno m'thumba. Ine ndidati zimenezi ndi nzeru, ndipo ndidamuyamika.

"Galu wakoyo bwanji sukubwera naye pabwalo kuti azolowere anthu?" adandifunsa amayi madzulo ena.

"Amayi, maphunziro ake sadathe."

"Oo. Nanga matemba anga akuphunzira nawo?"

Tsono tchuthi chimenechi chidali ndi ntchito ina yoposa galu. Ndidali nditagwirizana ndi Agnesi, mtsikana wa m'mudzi wa kutsidya kwa dambo, amene ndidadziwana naye kutchalitchi. Vuto lidali kwa amalume ake, a Namakhwa, amene ndiwo mwini mbumba. Iwo adali atanena poyera kuti anyamata a ku koleji amabwerako opanda ulemu, ndipo sangapereke mwana wa mlongo wawo kwa munthu amene sadamuone ndi maso awo akukhala pakati pa akuluakulu. Motero ukwati wanga wonse udatsamira pa chinthu chimodzi: kuti ndikaoneke waulemu.

Amalume anga, a Mateyu, amene adali nkhoswe yanga, adandilangiza tisadanyamuke. "Ukakafika kumeneko, maso pansi, mawu ochepa. Chinyanja chako cha m'mabuku chija uchisiye kuno. Wolankhula ndine." Ndidavomera. Khalidwe ndidamumanga ndi luzi kumsasa, ndipo ndidamufotokozera mwachifatse kuti ulendo uwu si wake.

Tidafika dzuwa likuwala bwino, mvula itagwa dzulo lake. Adatilandira pansi pa mtengo wa mango. Amuna adakhala pa mipando, amayi pa mphasa cha apo, ndipo a Namakhwa adali pakati atavala jekete yoyera, yosita bwino, imene anthu amati imatuluka m'bokosi pa Pasaka pokha. Ine ndidakhala pansi, kumbuyo kwa amalume, maso padothi monga adandilangizira.

Aliyense wobadwira kuno adziwa mmene nkhani yotere imayambira. A Mateyu adanjuta, napinda zikhatho, naomba m'manja mwaulemu: phu, phu, phu.

M'munda wa chimanga wa kuseri kwa nyumba mudamveka tswatswatswa. Ndisadamvetse chimene chikuchitika, Khalidwe adatulukira, chidutswa cha luzi chili lendelende m'khosi, thupi lonse matope a kudambo, naponda amalume pachifuwa. Munthu wonjuta alibe mizu. A Mateyu adagwa chagada, miyendo m'mwamba, galu akufufuza m'thumba mwawo.

"Galuyu ngwa yani?" adafunsa a Namakhwa.

Mtima udandiuza kuti ndimukane. Koma Khalidwe adali atandiona kale, ndipo ankandinyambita khutu monga mbale weniweni.

"Ndi wanga, bambo," ndidayankha, mawu ali ngati a udzudzu.

Ndidamupanira pakati pa maondo. Amalume adadzuka, nasasa fumbi limene padalibe, nayamba kulankhula ngati sipadachitike kanthu. (Ndiyenera kuwayamika: adalankhula bwino kwambiri kwa munthu amene adali ndi mapazi awiri a galu pa malaya.) Adafotokoza kuti tambala wa kwawo waona msoti pakhomo pano, ndipo abwera kudzapempha. Atamaliza, a Namakhwa adawongola jekete yawo, nakonzeka kulandira mawuwo monga mwa mwambo. Ndidaona manja awo akukwera. Ndidafuna kufuula, koma amalume adali atandiuza kuti mawu ochepa.

Phu, phu.

Galu wamatope ndi woterera kuposa mlamba. Adandipulumuka m'manja, ndipo mpando wa a Namakhwa udapita chambuyo pamodzi ndi mwini wake. M'thumba la jekete mudalibe matemba, koma mudali kachitini ka fodya wa m'mphuno, ndipo kadatseguka. Khalidwe adayetsemula. A Namakhwa adayetsemula. Kenaka adayetsemula onse awiri pamodzi, atayang'anana maso ndi maso.

Pamenepo amayi a pa mphasa adalephera kudzigwira. Tsono inu mudziwa kuti amayi a kwathu saseka ndi pakamwa pokha. "Hehede! Uluu!" Wina adaomba m'manja, wina adaombana chikhatho ndi mnzake, wina adadziomba pantchafu. Kwa Khalidwe, limeneli lidali tsiku la mayeso aakulu, ndipo adatsimikiza mtima kuti ayankha funso lililonse. Adathamangira kwa uyu, nalumphira uyo, nabwerera kwa woyamba uja. Amayi alibe matumba pachifuwa, choncho ankangofwenkha paliponse. Mipango idagwa, mwana wina adalira, nkhuku zidabalalika.

Amayi ake a Agnesi, pofuna kupulumutsa alendo awo, adachita zimene aliyense amachita pothamangitsa galu. "Choka! Choka iwe!" adatero, akuomba m'manja mwamphamvu.

Khalidwe adakakhala pamiyendo pawo.

Awa ndi anthu amene mwambo umandiletsa ngakhale kuwayang'ana kumaso, kapena kukumana nawo pa njira yopapatiza. Koma ndidapezeka nditagwada pafupi nawo, ndikukoka galu mchira, ine nkhope nditatembenuzira kumpoto, iwo kumwera. Ndipo ndidaiwala malangizo onse a amalume, ndi kufuula: "Chonde, makolo anga, musaombe m'manja!"

Kuuza akuluakulu pabwalo la ukwati kuti asaombe m'manja kuli ngati kuwauza kuti aleke ulemu. A Mateyu adaphimba nkhope ndi chipewa.

A Namakhwa adaimika mpando wawo, nakhalanso. Adayang'ana jekete yawo nthawi yaitali. "Aphunzitsi," adatero, "tafotokozani. Galuyu ngwamisala?"

"Iyayi, bambo. Ndi wophunzira."

"Wophunzira! Wamuphunzitsa ndani?"

Ndidalongosola zonse: za kubwereza, za mphotho, za matemba a m'thumba. Iwo adamvetsera osaphethira.

"Ndiye kuti inu, mwana wobadwira konkuno, mudakhala pansi nkusankha kuitana galu ndi m'manja? M'dziko limene moni ndi m'manja, zikomo ndi m'manja, kupepesa ndi m'manja?"

"Sindidaganize motalika chotero, bambo."

"Gwirani bwino galu wanuyo. Itanani Agnesi."

Mwambo umati mtsikana afunsidwe pamaso pa onse ngati akumudziwa mnyamatayo, ndipo akati sakumudziwa, nkhani yathera pomwepo. Ine ndidali wamatope kuyambira kumutu, nditakumbatira galu ngati mtolo wa nkhuni. Ndikadakhala Agnesi, ndikadati munthu uyu ndamuona lero.

Agnesi adatuluka m'nyumba, nagwada chapatali. Adakweza manja kuti aombe, nayang'ana Khalidwe, amene makutu ake adali ataima kale. Pang'onopang'ono adapinda manjawo, nawabisa m'khwapa.

"Agnesi," adatero a Namakhwa, "anthu awa ukuwadziwa?"

"Amiyendo iwiriwo ndikuwadziwa, malume," adayankha maso ali pansi, mapewa akugwedezeka. "Enawo ndawadziwa lero."

"Ndiye ukuwafuna ndithu, ndi zimene waonazi?"

"Eya. Galuyo akuoneka kuti amadya bwino."

A Namakhwa adayesa kuumitsa nkhope, koma kuseka kudawatulukira m'mphuno pamodzi ndi fodya wotsala. Adaseka mpaka misozi. "A Mateyu," adatero atapuma, "ine ndimaopa kuti mutibweretsera munthu wonyada. Koma uyu, ndi zimene zamuchitikira lerozi, sadzanyadanso m'mudzi muno mpaka imvi. Galu wake sadamukane, ngakhale zidali zoti nkumukana. Tamulandira."

Mawu otere amalandiridwa ndi m'manja mwa bwalo lonse. Manja adakwera ndithu, mbali zonse, koma adaima m'malere. Akuluakulu aja adayang'anana, nayang'ana galu, ndipo mmodzimmodzi adabweza manja awo m'khwapa, nangogwedeza mitu mwaulemu. Amati m'mudzi umenewo sipadakhalepo mbeta ina yovomerezedwa mwakachetechete chotero.

Potiperekeza, a Namakhwa adandikokera pambali. "Akamwini, mvetsetsani. Lero tapirira. Koma ukwati wa mwana wa mlongo wanga sudzakhala wopanda m'manja. Mudamuphunzitsa ndinu, mumuiwalitsenso ndinu."

Ukwatiwo udzachitika ndikamaliza maphunziro, ndipo ntchito yomuiwalitsa ndidaiyamba tchuthi chomwecho. Khalidwe tsopano amakhala pabwalo pakati pa anthu, matemba amalandirira pansi, ndipo akalumphira munthu salandira kanthu. Ndaona kuti kuzula chizolowezi ndi ntchito yolemetsa kuposa kuchidzala. Pofuna kumupatsa chizindikiro china m'malo mwa m'manja, ndidagula wezulo pa sitolo ya ku Balaka, ndipo mwa kubwereza ndi mphotho adaizolowera msanga kwambiri. Ikangolira, amabwera ngati mphepo, osaona chimene chili panjira.

Ndidawaonetsa amayi monyadira tsiku loti mawa lake ndibwerere ku koleji. Adayang'ana wezuloyo, nandiyang'ana ine.

"Wachita bwino, mwananga," adatero. "Koma a Namakhwa aitana anyamata a beni kuti adzavine pa ukwati wako. Ukudziwa chimene wotsogolera beni amakhala ataluma pakamwa?"