Tchuthi cha m'Januwale

Mpaka lero ku Matero kuli nkhalamba zina zomwe zikandiona zimayamba zayang'ana kumwamba, kenaka n'kuyamba kuseka. Sindizidzudzula ayi. Koma nkhani yangayi zimaikamba mokhotetsa, ndiye ndati ndiifotokoze ndekha mwini wake.

Inali nthawi ya Chitaganya. Ndinkamanga njinga m'sitolo ya Mmwenye wina m'tauni ya Lusaka, ndikukhala m'nyumba ya kanselo ku Matero. Mkazi wanga Esinala anali atapita kwa amayi ake ku Katete ali woyembekezera, ndipo mvula yoyamba itagwa uthenga unafika kuti kwabadwa mwana wamkazi. Mwana wathu woyamba. Mtima sunandilole kukhala pansi.

Anzanga onse a kum'mawa ankatenga tchuthi mu Juni kapena Julayi, chifukwa msewu wopita kwathu unali wadothi ndipo dzinja unkasanduka phala. Ine ndinati zimenezo n'za anthu amantha. Ndinali ndi nzeru yanga: Chaka Chatsopano chikangodutsa mvula imapuma, kumachita ng'amba. (Mukandifunsa kumene ndinaitenga nzeruyi, ndinangokumbukira kuti ndili mwana chimanga chathu chinafotapo mu Januwale. Umboni wanga wonse unali umenewo.) Ndiye ndinati ndinyamuka ng'amba itangoyamba, ndikamuone mwana, ndikadye mango ndi bowa, ndibwerere mvula isanadzuke.

Mmwenye uja anandifunsa kawiri ngati ndikunenadi Januwale. Ndinamuuza kuti iye adziwe za njinga, mvula ya kuno ndimaidziwa ndine. Kumowa nakonso ndinalalikira zomwezo, mpaka ena anayamba kudzikayikira kuti kapena opusa ndi iwo.

Anthu atamva kuti ndikupita, anandisenzetsa katundu wa abale awo: wina sopo, wina machesi. Amake Lute, neba wathu, kwawo ku Katete komweko, anabweretsa shuga ndi mchere za amayi awo. Mayi ameneyu anali wabwino mtima, koma nkhani ikalowa m'khutu mwake m'mawa, pofika masana inali itafika kumsika. Zonsezi ndinazilongedza musutikesi yanga ya katoni.

Tsiku lonyamuka dzuwa linawala ngati ndalilipira. Ndinavala suti, ndikuyenda pang'onopang'ono kuti aliyense andione, chala chikuloza kumwamba.

Titadutsa Chongwe kunayamba kuda. Pofika cha ku Rufunsa mvula inali ikukhuthuka, basi ikuyenda cham'mbali ngati nkhanu. Tinatsika, tinakankha, tinakweranso. Patsogolo tinapeza malole atandanda: mtsinje unali utakokolola mlatho. Tinagona pomwepo, ndipo kutacha dalaivala anatembenuza basi, ulendo wobwerera ku Lusaka.

Apa munthu wanzeru akanangopita kunyumba kwake, n'kusekedwa tsiku limodzi, zatha. Ine ndinaganiza zokabisala kwa msuweni wanga Lazaro ku Kanyama, kuti msewu ukatseguka ndinyamuke mwakachetechete, ku Matero azidziwa kuti ndili ku Katete.

Lazaro atamva, anandiyang'ana kuyambira kutsitsi mpaka kunsapato.

"Msuweni, munthu wothawa mvula abwera ku Kanyama?"

Ndinamuuza kuti ng'amba yangochedwa pang'ono. (Kwa amene simukudziwa Kanyama: malo ake ndi athyathyathya, pansi pake ndi mwala. Madzi akagwa alibe kopita, amangokhala nanu ngati achibale.)

Mvula siinaleke. M'mawa wina ndinadzuka mphasa itanyowa, nsapato zanga zikuyandama chakukhomo ngati nazo zatopa nane. Sutikesi inali pansi. Poinyamula ndinatsala ndi chogwirira chokha m'manja. Shuga ndi mchere wa amake Lute zinali zitasungunuka, machesi atasanduka phala, sopo akuchita thovu nyumba yonse. Thalauza langa linali matope okhaokha, ndiye mkazi wa Lazaro anandibwereka chitenje. Anasankha chofiira, cha maluwa akuluakulu, ndipo ndikukhulupirira kuti anachitira dala.

Chipupa cha kukhitchini chitagwa tinaona kuti si zosekanso. Tinatutira ana ndi katundu pachulu chachikulu kuseri kwa nyumba, pomwe mabanja ena anali atathawira kale. Ine anandipatsa nkhuku ya Lazaro kuti ndiigwire.

Ndinali chiimire pachulu pamenepo, jekete la suti kumtunda, chitenje kumunsi, nkhuku kukhwapa, pamene ndinamva nyimbo ya tchalitchi. Anali amayi a mpingo wathu wa ku Matero, atamva kuti ku Kanyama kwasefukira, akubwera ndi mabulangete ndi ufa pamutu, madzi akulekeza m'mawondo. Wotsogolera nyimbo anali amake Lute.

Ndinayesa kubisa nkhope kuseri kwa nkhuku. Nkhuku inali yaing'ono.

Nyimbo inadukira pakati. Amake Lute anatula katundu wawo bwinobwino, n'kuyandikira.

"Ba neba, manje Katete ni pano?"

Ndinayamba kufotokoza za mlatho.

"Nanga amai vinthu vao alandira?"

Ndinaloza madzi. Anawayang'ana, anandiyang'ana ine, kenaka anakhala pansi pachulupo ndi kuseka mpaka misozi. Atapuma anandifunditsa bulangete limodzi la anthu ovutika, akuti nanenso ndine wovutika, kungoti vuto langa lili m'mutu.

Madzulo ake ndinabwerera ku Matero, koma nkhani inali itafika kale. Palibe amene anandifunsa za ku Kanyama. Amuna anzanga ankangondipatsa moni wa munthu wochokera kutali, kufunsa ngati kumudzi kuli bwino. Shuga, mchere, sopo ndi machesi ndinagulanso zonse. Msewu unatseguka tchuthi changa chitatha, ndipo sabata lomwe ndinayambiranso ntchito dzuwa linaswa mtengo, ng'amba yeniyeni. Ndinamuonetsa Mmwenye uja pawindo. Iye anangondipatsa sipanala.

Chomwe chinandipweteka si kusekedwa. Mwana wanga ndinadzamuona mu Meyi, Esinala atabwera naye pa basi, msewu uli gwa. Anali atayamba kale kukhala yekha. Nditamunyamula anandiyang'ana ngati wokhometsa msonkho, n'kulira mpaka ndinamubweza kwa mayi ake. Panatenga nthawi kuti andizolowere, ndipo miyezi yomwe ndinaphonyayo palibe amene anandibwezera.

Esinala sanandikalipire. Nkhani yonse anaimvera ku Katete komweko, ndipo akuti kumeneko inafika nkhuku zili ziwiri. Kuyambira chaka chimenecho mwezi wa tchuthi amasankha ndi iye, ine ndimangokauza abwana. Ndimavomera, pofuna mtendere m'nyumba. Koma kunena zoona, ine sindinalakwitse. Mvula ndi imene sinasunge nthawi.