Chiwongolero cha a Merv Tolhurst

Aliyense ku Barrawong, m'mbali mwa mtsinje wa Murray, ankalidziwa lamulo la malemu a Merv Tolhurst: atukwaneni mmene mungathere, amwereni mowa wawo, koma dzanja lanu lisakhudze chiwongolero cha boti lawo. Botilo linali kanthu kakang'ono ka matabwa, mamita anayi okha, kopaka vanishi wonyezimira ngati uchi, koma m'mimba mwake munali injini ya galimoto yaikulu kuposa nzeru za mwini wake. Analitcha Beryl, dzina la mayi awo. Akazi awo, a Noelene, nkhani imeneyi sanaikhululuke.

Pa 7 Epulo 1969, Lolemba la Pasaka, mkulu wina wogulitsa maboti a pulasitiki anabwera ku mpikisano wa maboti atamanga tayi. Anaweramira mwa Beryl n'kugwedeza chiwongolero.

"Zachikale izi, bwanawe," anatero. "Nkhuni zimenezi zingachite bwino pootchera nyama."

A Merv anali akudya soseji. Anaiika bwinobwino m'mbale, anapukuta zala, kenaka anam'gwira mkulu uja pa tayi ndi pa lamba n'kumuponya mumtsinje. Amene analipo amati anadumpha pamadzi katatu ngati mwala wophwatalala asanamire. Anthu anam'vuula ndi nkhafi.

Koma amene lamuloli linamuwawa moyo wonse anali mlamu wawo, a Clarrie Dunstan, mlongo wa a Noelene. Boti lotere likathamanga silikhota ndi munthu mmodzi. Wina amagwira chiwongolero kumanja. Mnzake amakhala kumanzere, ndipo akafika pa mgolo woyandama umene amakhoterapo, amaponya thupi lonse kunja, tsaya likupala madzi, kuti boti lisagubuduke. A Merv ankakuwa kuti "Tsopano!" ndipo a Clarrie ankadziponya. Anayamba pa 12 Novembala 1966. Pofika 1980 anali atathyoka nthiti zisanu, phewa limodzi, ndi mphuno kawiri. Zonsezi ankapirira chifukwa cha chinthu chimodzi: kuti tsiku lina nawonso adzayendetseko Beryl.

Ankapempha chaka chilichonse pa chakudya cha Khirisimasi.

"Alamu, chaka chino bwanji ndigwireko? Kuzungulira kamodzi kokha."

"Mugwire chiyani inu? Wilibala yeniyeniyi imakugwetserani m'maluwa."

"Nthiti zanga zathera m'boti lanulo!"

"Ndiye kuti ntchito yanu mwaidziwa. Tandipatsirani nyamayo."

Pa 26 Januwale 1974 mtima unawakanika. A Merv atapita kukalembetsa dzina pa mpikisano, a Clarrie anakwera m'boti likadali pa ngolo yake kumtunda, anakhala pa mpando wakumanja, n'kugwira chiwongolero ndi manja onse awiri. Injini anali asanalize. Ankaliza ndi pakamwa: "Bvuuu! Bvuuu!" Bambo wa ana atatu, maso ali tsinzini.

Anadzidzimuka ndi nkhafi ya a Merv pamsana.

"Tsika, mbava iwe!"

"Ndangogwirako, alamu!"

"Ukagwire cha agogo ako!"

Ndewu inayambira pa ngolopo, inadutsa pakati pa magalimoto, n'kukalowa m'tenti ya amayi a mpingo amene ankagulitsa tiyi. Tebulo linathyoka pakati. Masikono anauluka ngati mpheta. A Clarrie analavula mano awiri, a Merv khutu likuchucha magazi, ndipo tenti inawagwera onse, nkhonya zikungooneka kutukumula nsalu. Anaithetsa ndi a Noelene, ndi thireyi yachitsulo, osasankha kuti mutu uwu ndi wa mwamuna wawo kapena wa mlongo wawo. Patangotha mphindi makumi awiri, anthu awiriwa anali pamadzi, thonje lili m'mphuno, ndipo anakhala achiwiri pa mpikisanowo.

Zaka zinapita. Maboti a pulasitiki anadzaza mtsinje, a matabwa n'kutsala oti azionetsedwa kamodzi pachaka. A Merv maso anachita ng'ala. Pa 2 Novembala 1997, tsiku la maboti akale, anaima nthawi yaitali pambali pa Beryl akuyang'ana kumene kunali migolo. Sankaiona.

"Alamu," anatero, osatembenuka, "khalani uko."

"Kuti?"

"Kumanja! Mwagonthanso? Fulumirani ndisanasinthe maganizo."

A Clarrie anali ndi zaka 68. Anapukuta manja pa buluku kawiri asanagwire. Injini itabangula, Beryl anadzutsa mphuno n'kung'amba madzi, ndipo anthu kumtunda anasiya mowa n'kuthamangira m'mphepete. Njira yowongoka anaiyendetsa ngati anabadwira pa mpandowo. Ankaseka, misozi ikuulukira m'makutu.

Mgolo unayandikira. A Merv, amene tsopano anali kumanzere, anauzindikira mochedwa, ndipo pakamwa pawo panachita zimene panazolowera.

"Tsopano!"

Thupi la a Clarrie linamvera lisanafunse mutu. Anasiya chiwongolero, anadziponya kumanzere, n'kukagwera pamsana pa a Merv amene anali atadziponya kale. Nkhalamba ziwiri zinalendewera mbali imodzi ngati matumba a mbatata, phazi la a Clarrie likadapondabe chopatsira injini moto, chiwongolero chikuzungulira chokha. Beryl anaupitirira mgolo, analunjika pa thandala loyandama pamene panakhala oweruza mpikisano. Oweruza atatu anadumphira m'madzi ndi mipando yawo yomwe. Boti linakhula ngodya ya thandalalo, matabwa anayi n'kuthetheka, linadula bango, ndipo linakazika mphuno m'matope. Anthu awiri aja anapitirira ulendo m'malere.

Kenaka m'matope munadzuka zinthu ziwiri zakuda.

"Zaka makumi atatu ndi chimodzi mukulirira chiwongolero! Ndakupatsani, mwachitaya!"

"Nanga mumakuwiranji?"

"Ndimadziuza ndekha, chitsiru iwe!"

"Mukanadziuza chamumtima!"

Anayamba kuponyerana nkhonya, matope ali m'mawondo, koma majekete oyandamitsa anali okhuthala moti zinkangomveka phu, phu, ngati munthu akukuntha pilo. Atatopa anagwirana mapewa kuti asagwe. Sanasiyane mpaka anthu anawafika.

A Merv anatha chaka chathunthu akubwezera matabwa aja, akuyeza ndi zala poti maso anali atapita, a Clarrie akuwapatsira misomali ndi kulandira matukwano. Anamwalira pa 14 Malichi 1999. Pa pepala limene anasiya analembapo kuti boti ndi la mlamu wawo, ndipo pansi pake anawonjezera kuti, "Agwiritse."

Chichokereni iwo, tsiku la maboti akale limatha bwinobwino. Tenti ya amayi imaima mpaka madzulo, masikono onse amagulidwa, ndipo anthu amabwerera kwawo msanga, alibe choti akakambe panjira.

A Clarrie ankatsitsira Beryl mumtsinje Lamulungu lililonse akaweruka ku tchalitchi. Palibe ankawaletsa tsopano. Ankathamanga njira yonse yowongoka, koma akayandikira pokhota ankazimitsa injini, n'kutembenuza boti pang'onopang'ono ndi nkhafi. Amuna angapo anadzipereka kukhala kumanzere, onse anawakana.

Tsiku lina a Noelene anawadikira pa doko.

"Achimwene, munalirira chiwongolero moyo wanu wonse. Bwanji simukhota?"

A Clarrie anayang'ana mpando wakumanzere, n'kuyamba kukulunga chingwe.

"Kuyendetsa ndikutha, mlongo wanga," anatero. "Koma nthawi yake ankaidziwa ndi iwo aja."