Masipika Amene Anaitana Matchona ku Joni

Amene akuti ndine wabodza aimirire ndimuone nkhope. Palibe? Ndiye khalani pa matumba anuwo, sitima ya Ilala sinatulukire n'komwe, mumve za ine Chirwa, mwini boti lobiriwira lili apolo.

Mwana wanga Yotamu, mmodzi yekhayo, anapita ku Joni kukafuna ntchito, foni yake n'kungoti zii. Mayi ake, NyaManda, anadikira mpaka anatopa, tinakawaika kumtunda uko iye kulibe. Chimene anandisiyira ndi nyimbo imodzi imene anzawo a kwaya anawajambula pa foni, yomwe ija ankamuimbira Yotamu ali kumsana. Ndinati mwanayu akangomva mawu a mayi ake abwera yekha kudzaona manda, ndipo pamadzi mawu amayenda kutali, funsani msodzi aliyense.

Poyamba ndinapusa, ndikuvomera. Ndinagula masipika a m'minibasi kwa kondakitala wina, osadziwa kuti m'kati mwake ndi mapepala. Mwera utangowomba, funde limodzi linalowa m'boti, NyaManda anayamba kuimba ngati ali ndi chimfine, kenako anasiya. Nditatsegula ndinapeza phala lokhalokha, misomali itadyeka ndi dzimbiri. Tsiku limenelo ndinalira, sindibisa, zinali ngati ndawaika kachiwiri.

Ndiye ndinatunga madzi a m'nyanja chidebe chodzaza, n'kukwera nacho minibasi ya ku Mzuzu chili pamutu, m'makona onse aja osataya ngakhale dontho, mukumva? Ndinalowa nacho m'sitolo ya Mtumbuka wina wogulitsa za magetsi.

"Adada, madziwa ndi achani?" anatero mwini sitolo.

"Sipika iliyonse ilowe umu ikuimba. Yotuluka ikuimbabe ndiyo yanga."

Ndinamiza masipika makumi anayi, onse anafera m'chidebemo, mkulu uja thukuta kamukamu, mpaka anakatulutsa kuseri awiri oyera opangidwira maboti, apulasitiki m'kati, mphira kuzungulira, misomali yosagwira dzimbiri, mawaya okutidwa bwinobwino, ndipo amenewo anaimba pansi pa madzi mpaka madziwo anawira, tinathiramo masamba n'kumwa tiyi tonse awiri. Kusankha kwake n'kumeneko, musadzanamizidwe ndi kukongola kwa katoni.

M'mawa mwake ndinawamanga kutsogolo kwa boti, batire ya lole pansi pa mpando, ndinadutsa gombe la Mwaya, n'kuloza kummwera, n'kutsegula mpaka pomalizira. Abale anga, NyaManda atangoyamba mzere woyamba mwera unatembenuka n'kubwerera kwawo, nkhungu zimene zinali ngati utsi pakati pa nyanja zinagwera ku Likoma zitaumbika kale zongoyenera kudya, usipa unatuluka n'kundanda m'mizere ngati kwaya, nsomba za batala zikuimba besi kumbuyo, ng'ona ziwiri zinatsamira boti langa misozi ili mbwembwembwe, ndipo sitima yomwe mukuidikirayi inazimitsa injini chifukwa mawuwo ankaikankha okha, inakafika kummwera masiku awiri nthawi isanakwane. Mukumva? Sindinathe. Mawuwo anatsika ndi Shire, anawoloka malire opanda pasipoti, alonda akuvula zipewa, anakalowa m'Joni, m'migodi, m'makhitchini a azungu, m'magalaja, mpaka matchona amene anachoka kuno agogo anga ali anyamata anataya mafosholo n'kuyamba kulongedza.

Mwezi umenewo mabasi ankangokhuthula anthu pa boma pano. Chinangwa chinatha m'minda yonse mpaka ku Chintheche chifukwa cha alendo. Agogo ena analandira amuna awo amene anawalira kalekale, ena analandira awiri n'kusowa powaika. Khomo lililonse nthungululu. Anthu ankandigwira dzanja, yewo Ada Chirwa, yewo, mwatibwezera ana athu.

Ine ndinaima pa depoti mwezi wonsewo, jekete la kutchalitchi lili m'thupi, ndikuyang'ana aliyense wotsika. Ndinkadziwa mayina a ana a eni ake onse. Wanga sanatsike.

Musandiyang'ane choncho. Masipikawo alibe vuto, pitani mukawagwire, chaka chachisanu chino dzimbiri silinawakhudze. Yotamu anamva, ndikukuuzani anamva, mwina kungoti abwana ake ndi ovuta. M'mawa uliwonse ndimapitabe kuseri kwa Mwaya, ndimazimitsa injini, NyaManda amaimba, ine ndimakhala. Kunyumba kulibe wondiyankha, ndiye ndithamangira chiyani.

Sitima yanu ija yatulukira, nyamulani katundu, ndakuchedwetsani. Koma wina mwa inu akadzafika ku Joni n'kukumana ndi mnyamata wamtali wa chipsera pachibwano, kaya pano ali ndi imvi, za masipikazi musamuuze, adzakusekani. Mudzangomuuza kuti bambo ake sanakwiye, ndipo kiyi akadali pomwe paja, pansi pa mwala wa pakhomo.