Galimoto Yobwera ndi Thanki Yake

Lolemba

Choko ndatula, tsopano ndine wabizinesi. Ndalama zonse zopumira pa uphunzitsi zikupita pa galimoto ya matola, Mangochi mpaka Namwera. Zikakanika, mkazi wanga Nachisale wanena kale: tikulongedza, ulendo wa kwawo ku Ntcheu. Ine ndi imvi zonsezi kukakhala mkamwini, kumapempha alamu malo okumba chimbudzi? Bola kufera konkuno ndi thukuta.

Zogulitsa zilipo ziwiri.

Yoyamba: chiphapha cha kuseri kwa msika. Kulira mpaka aikankhe. Chitseko chomanga ndi linya. Fungo la usipa mpaka m'chiwongolero.

Yachiwiri: yabwera ndi mkulu wina wa ku Lizulu. Yabuluu, zitsulo m'mbali mpaka m'mwamba, ndipo kuseri kwa dalaivala kuli thanki ya madzi ndi paipi yake!

Nachisale, amene amatsutsa ngakhale dzina la tsiku, lero wangoiyang'ana kamodzi. "Gulani yabuluuyo, bambo." Mayiyu nzeru zayamba kumubwerera ukalamba uno.

Lachiwiri

Ndagula. Ndikufunsa mwini wake ntchito ya thanki. "Apaulendo anga sagwirizana ndi kutentha," akutero, uku akuthamangira basi. Munthu waulemu, ngakhale sayang'ana m'maso.

Ntchito za thanki, monga ndaziganizira ine:
kuziziritsa injini pokwera phiri la Chowe;
kumwa apaulendo;
kutawaza anzathu achisilamu nthawi ya swala ikatipeza panjira.

Yachitatuyo ndalengeza ndekha pa siteji, mokweza. Aneba anga Che Twaibu, ogulitsa nsalu, agwedeza mutu. "Aphunzitsi, mwaganiza bwino. Mawa mpando wakutsogolo ndi wanga." Eni magalimoto ena angoti kukamwa yasa. Zaka zonsezi kunyamula anthu ngati matumba a chimanga, osaganizako za madzi. Sukulu ndi yabwino.

Kalipentala wakhoma mabenchi. Pachitseko ndalembetsa ULEMU. Khadi la chipani ndaika poonekera.

Lachitatu

Yadzaza mosavuta. Amayi a madengu a utaka, azibambo a makofiya, msilikali mmodzi wopita kumalire. Dzuwa la Okutobala likuswa mtengo.

Titangowoloka mlatho, kafungo. Aliyense akuyang'ana mnzake. Ine ndikuti ndi utaka. Pa Chowe injini yatentha, ndaima, ndipo mwa ufulu wanga ndikuwaza madzi pa matabwa kuti mapazi a anthu azizire. Kuwaza kwake komweko! Fungo ladzuka lonse ndi abale ake.

Msilikali uja, mwana wa ku Dedza, akukoka mpweya mosangalala. "Ndakumbuka kwathu. Imeneyi ndi ya nkhumba. Thankiyi ndi yozithira madzi zingafe ndi kutentha popita ku msika."



Palibe wotukwana. Bola akanatukwana. Akutsika mmodzimmodzi, kusenza katundu, kuyamba kukwera phiri wapansi. Che Twaibu atsika pomaliza. "Madzi otawazira munkanena aja ndi amenewa, aphunzitsi?"

Ndafika ku Namwera ndi msilikali yekha. Asilikali salipira.

Lachinayi

Kutsuka. Sopo, phulusa, mchenga wa mu Shire, mandimu, lubani wobwereka. M'mphako za matabwa mukutuluka ubweya woti n'kupangira burashi. Mkulu wa ku Lizulu uja, mphenzi imupeze ali pa chimbudzi.

Ndapita kwa Shehe, chipewa m'manja. Andilandira bwino, tiyi ndi zitumbuwa. "Matabwa amayera, aphunzitsi. Koma makutu a anthu mukawatsuka ndi chiyani?"

Zoonadi. Nkhani yafika kale ku Nkope, komwe galimoto yanga sinapondeko. Anthu osawerenga nyuzipepala, koma mbiri kuthamanga kuposa wailesi. Dzina loti ULEMU palibe akuliona. Onse akuti Liguluwe, ndiye nkhumba m'Chiyao chawocho.

Nachisale akuimba nyimbo za kwaya kukhitchini. Sindikuona chosangalatsa.

Lachisanu

Pa siteji kuyambira m'mawa. Mabenchi mbee. Hutala mpaka chala kuwawa.

Chiphapha ndinachinyoza chija agula Che Twaibu dzulo. Chadzaza mpaka padenga. Okwera akutsika okha kukachikankha, akuseka, n'kulipiranso! Anthu a kuno ndawaphunzitsira ana zaka zonsezi, ena ndinawalembera makalata a ku Joni ulele, lero akundilambalala ngati ndili ndi mphere. Zikundiwawa, ndisaname.

Wokwera mmodzi: katekisiti. Akuti Mulungu adzandibwezera.

Kunyumba ndapeza makatoni opanda kanthu atatsamira khoma. "Ndi osungira mbale," akutero Nachisale. Mbale zakhala pa thandala chikwatirane.

Loweruka

Msonkhano wa chipani kwa Mponda. Achinyamata a malaya ofiira akugwira galimoto iliyonse yokanyamula amayi ovina, mafuta ako, dalaivala iwe wemwe. Chiphapha cha Che Twaibu chapita. Malole apita. Atcheyamani afika pa yanga, aizungulira, akwinya mphuno. "Iyi ikhale. Amayi athu sangakwere."

Chibadwire sindinaonepo chipani chikukana chaulele.

Ndiye ndatsala ndekha pa siteji yonse, anthu a ku Namwera ali mbwee ndi katundu wawo. Mwayi suposa apa. Ndatsegula chitseko. Ndatsitsa mtengo. Ndaimba hutala. Onse akuyang'ana zala za kumapazi. Gogo wina wayala mkeka pansi pa mtengo wa mango. "Tidikira mawa, Mulungu akalola."

Madzulo atcheyamani omwe aja pakhomo. "Aphunzitsi, anthu akufunsa. Magalimoto onse anaoneka ku msonkhano, yanu yokha bwanji? Muli ndi maganizo ena?" Ndagula khadi lina, la galimoto. Ayang'ana thanki. Ndagulanso la thanki.

Lamulungu

Kutchalitchi sindipita, katekisiti angafune ulendo wina.

Galimoto yadzaza koyamba osatsika munthu: bedi, mtondo, mbale m'makatoni muja, nkhuku m'chitete. Che Twaibu abwera kudzatsazika, andipatsa nsalu ya malaya. Aimira patali ndi galimoto, koma misozi ndi yeniyeni.

Nachisale wakhala kale kutsogolo, duku latsopano kumutu, akusisita chitseko ngati mwana wake.

"Musadandaule, bambo. Ntchito ikukudikirani. Achimwene akusowa wowanyamulira ziweto kupita ku Lizulu chigulitsire galimotoyi kwa mkulu uja."

Chigulitsire chiyani?

"Imeneyi. Ndinaizindikira Lolemba lomwe lija. Chitsulo chopindika icho inapinda ndi nkhumba yathu yaikazi."

Ndaliza galimoto, ulendo wa ku Ntcheu. Thanki ndadzaza, poti apaulendo anga atsopano sagwirizana ndi kutentha. Mabenchi akuti ndikazule tikafika, alamu akawaone ngati angakhale zitseko za khola.