Tsiku limene ndinafunditsa kangaude chitenje

Kunyumba kwathu kuli chitenje chobiriwira chimene sindivalanso. Amuna anga amachitchula kuti nsalu ya maliro, ndipo akatero ine ndimasintha nkhani.

Nthawiyo tinkakhala ku Lawrence, dera lina la mzinda wa Indianapolis, mwana wanga Tadala atangoyamba kukwawa. Loweruka lina m'nyengo ya chisanu, mlamu wanga Yamikani anabwera kuchokera ku South Bend, kumene ankaphunzira za tizilombo. Ananyamula bokosi lagalasi. M'katimo munali kangaude waubweya, wamkulu ngati chikhatho changa.

"Alamu, mundisungire mpaka Lolemba," anatero. "Woti amulandire kuno ku Indianapolis wachokapo. Mtundu uwu angoutulukira kumene, ndipo nkhalango yamvula imene amakhala ikutha ndi odula mitengo. Uyu ndi wamkazi, tikufuna aswane. Akafa, ine ntchito yandithera."

"Nanga akatuluka?"

"Satuluka. Chachikulu asazizidwe."

Anabwerera. Amuna anga anali pa shifiti yowirikiza. Tinatsala atatu: ine, Tadala, ndi mlendoyo pamwamba pa kabati. (Ine ndi uja amawiritsa ndi zidole zomwe poopa majeremusi. Dziwani zimenezo.)

Cha m'masana ndinasuzumira. Kangaude anali chagada, miyendo m'mwamba, ali zii. Ndinamufonera Yamikani, osayankha. Ndiye ndinafonera Anti Nabanda akutchalitchi, amene anandisamalira pa uchembere.

"Chafera m'nyumba muli khanda?" anafunsa motsitsa mawu. "Amake Tadala, chifunditseni nsalu, mwana asachione. Ndikunyamuka."

Ndinafunditsa bokosilo bwinobwino, n'kukhala pansi mwana ali kumsana. M'nyumba munali phee, hita yokha ikulira. Ndiye pansi pa chitenje panayamba kumveka kaphokoso, kwe, kwe, ngati munthu akukanda chitseko ndi chikhadabo chimodzi. Ndinayamba nyimbo.

Anti anachedwa ndi misewu yoterera. Atalowa sanavule ndi jekete yomwe, anangovundukula chitenje.

Akangaude anali awiri. Wakufa uja ali chigonere, msana utang'ambika. Pakona panali wina, wonyezimira ngati wangosamba, akutambasula mwendo pang'onopang'ono. Chivundikiro chinali chotseka monga ndinachisiyira.

"Anabweretsa angati?"

"Mmodzi, Anti."

"Ndiye winayu walowera pati?"

Satifiketi yanga yakukoleji inalibe chonena.

"Zinthu zotere sizigona m'nyumba," anatero Anti. Ine ndemwe ndinanyamula bokosi n'kukaliika pakhonde pamene panali chipale chofewa. Tinatseka chitseko, tinagwada. Anti anali atangofika pa kumanga mizimu yochokera kunkhalango zachilendo, foni inalira. Anali Yamikani.

"Alamu, ndimayendetsa galimoto. Kwagwanji?"

Ndinafotokoza zonse, za kufa, za kudzuka, za kukhala awiri.

"Wafundula. Amagona chagada akamavula khungu. Winayo ndi khungu chabe. Koma musamugwedeze, pano thupi lake ndi lofewa. Ali pofunda eti?"

Ndinayang'ana pawindo. Galasi la bokosi linali litayera ndi chisanu.

"Alamu, ali pati?"

Ndinatuluka wopanda nsapato. Kangaude anali atapinda miyendo pansi pa mimba. Ine amene ndinkamuopa ndinakumbatira bokosi pafupi ndi hita, ndikumunyengerera monga ndimachitira ndi Tadala akatentha thupi. Anti nawo anatembenuza pemphero, tsopano linali loti achire. Patapita nthawi mwendo umodzi unagwedezeka.

Anapulumuka, ndipo ndinamva kuti anadzaikira mazira. Koma Lolemba Yamikani atabwera anafuna khungu lija, akuti limafunika pa kafukufuku. M'bokosi munalibe. Anti analumbira kuti sanalikhudze. Amuna anga anasuntha mipando yonse, osalipeza.

Yamikani amati mwina linagwera pakhonde, mphepo n'kuliulutsa. Ndimavomera, munthu anaphunzira. Koma tinasamuka m'nyumba ija, Tadala anakula mpaka kuyamba sukulu, ine m'mawa uliwonse ndikukutumulabe nsapato zake ndisanamuveke.